Kapu Yosadzaza

6 Malichi

Mlongo wanga,

Moni. Foni yako ija inandipeza ndili pamakwerero mulaibulale, ndikubwezera mabuku pashelefu yam'mwamba. Mnzanga wapakauntala anakuwa kuti, “Tsikani msanga, ndi kwanu!” Mabuku amene ndinanyamula anali atandipulumuka kale m'manja, ali mbwee pansi. Nditagwira foni unangoti, “Achemwali, bambo atsamwa ndi chakudya. Atisiya.” Ine ndinayankha kuti zikomo. Mpaka lero sindikudziwa chimene ndinkathokoza.

Kumaliro sitinacheze. Iwe unali kalikiliki ndi alendo, ine ndinali pambali pa amayi, kenako tchuthi chinatha. N'chifukwa chake ndalemba. Pafoni ya kuntchito anthu amatchera khutu, ndipo ine mawu amandithera. Amayi ayamba kudya? Alamu ali bwanji? Nanga mwana wathu mayeso aja alemba liti? Undiuze zoona zokhazokha.

Dzulo podzithirira tiyi ndinangozindikira kuti ndathira theka la kapu, monga kwathu. Anzanga kuno amandiseka, amati ndine woumira ngakhale kwa ine ndemwe. Sadziwa kuti anayambitsa ndi agogo aakazi, pofuna kuti agogo aamuna asamadzitayire tiyi wotentha ndi manja awo onjenjemera aja. Ndipo kuti mwamuna wawo asachite manyazi, ankathirira aliyense theka. Amayi anangopitiriza pamene bambo nawo anayamba kugwedezeka. Ndinakhala ndikuyang'ana kapuyo mpaka tiyi anazizira.

Ndili ndi pempho. M'kabati ya bambo muli chitini cha mabisiketi, m'menemo muli mendulo ya agogo aamuna. M'mphepete mwake munadindidwa nambala yawo ya usilikali. Undikopere nambalayo. Za agogo timangodziwa kuti anamenya nkhondo, ndi kuti patapita zaka thupi linayamba kuwagwedezeka. Agogo aakazi ankati nkhondo imachedwa kutuluka m'thupi la munthu. Koma kwawo kunali kuti? Abale awo anali ndani? Palibe anatiuzapo. Ndikufuna ndifufuze.

Ndine mlongo wako.

19 Malichi

Achemwali,

Moni. Kuno tadzuka, kaya inu. Amayi akudya pang'onopang'ono, koma amaikabe mbale ya bambo patebulo. Ine ndimaichotsa mwakachetechete, iwo amaibwezera mwakachetechete. Mwana wanu alemba mayeso mwezi wamawa. Akuti adzakhala namwino, azidzatibaya tonse jakisoni.

Nambala ija ndalemba pakapepala kali m'katimu. Koma ndifunse nawo. Dothi la pamanda a bambo silinaume, inu mwayamba kale kufukula agogo? Alamu anu akuti mwina mwamva kuti zidzukulu za asilikali zikulandira kangachepe. Ngati ndi zimenezo musatiiwale, mashini anga akulira ngati mbuzi yomangidwa. Ine ndawauza kuti ayi, achemwali anga ndi mabuku basi, akufuna apeze kuti agogo anali ngwazi kuti akanyadire kwa anzawo ovala magalasi.

Ndinene poyera, zandiwawa. Zaka zonse zimene bambo ankadzandira mumsewu, anthu n'kumati aledzera chonsecho mowa sanaulawepo, amene ankawagwira mkono ndine. Amene ankachotsa mabatani pamalaya awo n'kuikapo zipi zikuluzikulu ndine. Inu munkabwera patchuthi ndi mabuku oti muwawerengere. Sindikudandaula, ankakondwa nawo. Koma lero amoyo alipo, amayi amakhala okha masana onse, inu muli ndi akufa.

Ntchito ikuyenda. Ndalandira mayunifolomu a sukulu, ndikusoka mpaka msana kuuma.

Ine mlongo wanu, telala.

2 Epulo

Mlongo wanga,

Moni, ndipo zikomo chifukwa cha nambala ija. Wanena zoona, amene anasenza bambo ndiwe. Ndalama sindikuzifuna, ngwazinso sindikuifuna. Ndimati ndikubisire mpaka nditapeza yankho, koma ndaona kuti kubisako kukukupweteka.

Tsiku lija ndinapita kuchipatala kukatenga chikalata cha imfa, dokotala anandikhazika pansi. Anandifunsa ngati m'banja mwathu munalinso wina wogwedezeka ngati bambo. Ndinati agogo, koma iwo inali nkhondo. Anavula magalasi n'kunena motsitsa mawu kuti, “Mayi, nkhondo siyenda m'magazi.” Akuti pali matenda otere amene kholo limapatsira mwana. Amabisala mpaka munthu atakula, atabereka kale. Ana ena amawatenga, ena matendawo amawalumpha, ndipo amene walumphidwa sangapatsirenso ana ake. Akuti kuchipatala chachikulu kuno amapima magazi, munthu n'kudziwiratu.

Wamva tsopano. Nkhaniyi ndi ya ine, iwe, ndi mwana wathu.

Kukapimitsa ndikuopa. Ndati ndiyambe ndafufuza, mwina dokotala waphonya. Ndinapita kunyumba yosungira zolemba zakale za asilikali. Ndi chipinda chapansi, chonunkha fumbi ndi mankhwala a njenjete, mafayilo omangidwa ndi zingwe ataunjikana mpaka kudenga. Nambala ija inatulutsa kakhadi kamodzi kofiirira. Palembedwa msinkhu wa agogo, chipsera chapachibwano chija, ndi gulu limene analimo. Palembedwanso chimene sitinkachidziwa: anapita kukalembetsa limodzi ndi mkulu wawo, koma mkuluyo anabwezedwa chifukwa diso lake lina silinkaona. Iye kunkhondo sanapiteko.

Ndiye ndichita ziwiri. Ndifunsa ana a asilikali a m'gulu la agogo ngati makolo awo ankagwedezekanso. Akati inde, ndiye kuti inalidi nkhondo, ndipo za bambo zinali zina, zongowagwera okha. Ndifunafunanso ana a mkulu wa diso limodzi uja. Ndikawapeza ali bwinobwino, tipume.

Amayi usawauze kaye. Undiyankhe msanga.

Ndine mlongo wako.

5 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Mwezi watha osamva kwa iwe. Kodi kalata yanga inafika? Ngati wakwiya, kwiyira papepala kuti ndiwerenge.

Asilikali opuma ali ndi kachipinda kawo kuseri kwa holo ina, muli zithunzi zakale ndi ng'oma yong'ambika. A m'gulu la agogo onse anatha, koma mlembi wawo anandilozera kwa ana awo ena. Ndakhala ndikuwayendera Loweruka lililonse. Wina anati bambo ake ankabisala kunsi kwa bedi bingu likagunda. Wina anati ake sanadyenso nyama yowotcha mpaka imfa. Wina, mphunzitsi wopuma, anati ake ankangoseka, ankati nkhondo inali kuyenda pansi ndi kudikira basi. Ndikafunsa za kugwedezeka, onse amapukusa mutu.

Mtima wanga wandichititsa manyazi. Ndimalowa m'nyumba za anthu abwino, akundilandira ngati m'bale, ine ndikupemphera chamumtima kuti andiuze kuti bambo awo anavutika ngati agogo. Ndawerenga mabuku ambiri a nkhondo, ndinkayesa ndikudziwa zonse zimene imamuchita munthu. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzaikakamiza mlandu, iyo n'kuukana.

Za mkulu wa diso limodzi ndapeza poyambira. Anakagwira ntchito kufakitale yofufuta zikopa, ndipo mwana wake wamkazi akadali moyo, m'tauni ina yakutali ndithu pabasi. Ndamulembera.

Lemba ngakhale mzere umodzi. Mwana mayeso anayenda bwanji?

Ndine mlongo wako.

16 Meyi

Alamu,

Moni. Musadabwe kuona zolemba zanga paenvelopu, ndipo musathamangire kuganiza zoipa. Achimwene anu dzanja lamanja lili m'bandeji. Anadzisoka chala ndi mashini, singano inalowa pachikhadabo n'kuthyokera momwemo. Sikuti dzanja linagwedezeka ayi, ndinalipo. Ankayang'ana dzanjalo m'malo moyang'ana nsalu.

Kalata yanu ija anaiwerenga ali chiimire, n'kuipinda, n'kuiika m'thumba. Ine ndinaipeza pochapa ndipo ndinawerenga, mundikhululukire. Mundikhululukirenso za kangachepe zija, pakamwa panga mumapadziwa.

Chiyambire tsikulo sali bwino. M'mawa uliwonse asanatsegule shopu amadzitsekera, amatenga kasingano kakang'ono kwambiri kaja n'kulowetsa ulusi. Ukalowa amautulutsa, n'kulowetsanso. Ndimawaonera pazenera lakuseri. Tsiku lina ulusi unakana, anangokhala pampando nkhope ili m'manja, kasitomala akugogoda panja. Ndinawauza kuti, “Abambo, pamsinkhu wanuwu anthu amagula magalasi, si maliro amenewa.” Sanaseke.

Chimene chikundiopsa n'chakuti ayamba kumuyang'anitsitsa mwana. Akagwetsa supuni, bambo ake amasiya kutafuna. Mwanayo wandifunsa kuti, “Amama, ndalakwa chiyani?” Mayeso walemba bwino, koma sindinamuuze kanthu. Ndimuuze chiyani? Ine ndinakwatiwa ndikuona apongozi akugwedezeka. Anandiuza kuti ndi za nkhondo ya agogo, ine n'kuvomera, osafunsa kuti nkhondo ya bambo imafika bwanji kwa mwana.

Alamu, pitani kwa mayi mwamutchula m'kalata yanu yachiwiri uja. Chimene mukachione mudzatiuze osachikulunga. Kusadziwaku kutimaliza tisanadwale n'komwe.

Musawauze kuti ndalemba.

Ine mlamu wanu.

1 Juni

Mlongo wanga,

Moni kwa nonse. Ndamva za chala, usafunse amene wandiuza. Werenga kalatayi alamu ali pomwepo.

Ndinapita. Mayi uja ndi mwana wa mkulu wa agogo, ndiye kuti ndi azakhali athu. Amakhala m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Ndi okalamba, aafupi, manja awo ali nji. Nditawaona manjawo potsegula chitseko, ndinathokoza chamumtima. Ndinawaonetsa chithunzi cha agogo. Anachiyandikiza kumaso n'kuti, “Ha! Makutu awa ndi a bambo anga. Ndiye msilikali uja anabereka? Ife ankatiuza kuti anafera komweko.” Anandigwira masaya ngati kamwana. “Khala pansi, mwana wa achimwene, ndikuphikire tiyi. Wawonda ngati ulusi, kwanuko sadya?”

Ndinakhala, maso n'kuyamba kuyenda m'chipindamo. Makona a tebulo anali okulungidwa ndi nsanza. Makapu onse apulasitiki. Ndinadziuza kuti mwina m'nyumbamo muli tiana. Kenako anabwera ndi ketulo. Anathira m'kapu yanga, n'kulekeza pakati. Anathira m'kapu yawo, n'kulekeza pakati.

Ndinafunsa kuti, “Azakhali, bwanji simudzaza?”

Anaseka. “Pepa, ndi chizolowezi cha m'nyumba muno. Anayambitsa amayi chifukwa cha bambo. Mankhwala a kufakitale ya zikopa anawawononga mitsempha, ankagwedezeka thupi lonse. Achimwene anga aakulu chimodzimodzi, nawonso anagwirako ntchito kumeneko. Onse anapita.”

“Nanga alipo amene sanagwireko koma anadwala?”

Anayamba kupukuta tebulo louma kale. Kenako analoza chitseko cha chipinda china. “Mng'ono wanga ali m'menemo. Iye anali kalaliki kupositi. Timati mwina ndi zovala za bambo zimene ankachapa ali mtsikana.”

Ndinalowa kukapereka moni. Mlongo wanga, sindilemba zambiri. Mapewa aja, mutu uja, zala zija zoyenda ngati zikuliza limba losaoneka. Anali bambo enieni, kungoti ndi mayi. Anandimwetulira ndi pakamwa pokhota paja, ine ndinagwada n'kuwagwira manja monga unkachitira iwe.

Ife timati nkhondo, iwo amati fakitale. Agogo ndi mkulu wawo anasiyana pamzere wolembetsa usilikali, sanaonanenso, koma chinthu chimodzi anachoka nacho onse awiri. Azakhali akuti mayi amene anabereka anyamata awiriwo, anthu ankati amavina popanda ng'oma.

Walira mvula walira matope. Ndinkafuna mtundu wathu, ndaupeza. Koma taona azakhali: magazi omwewo, iwo matendawa anawalumpha, ndipo ana awo ndi zidzukulu zawo ali bwinobwino. Khomo lopulumukira limenelo lilipo. Bwera tikapimitse limodzi. Ukalephera kudzichitira wekha, umuchitire mwana.

Ndine mlongo wako.

14 Juni

Achemwali,

Moni. Chala chikupola, onani ndalemba ndekha, ngakhale zilembo zikuoneka ngati mapazi a nkhuku. Musaganize zina, ndi bandeji. Amene anakuuzani za chalacho ndikumudziwa, ndimadya naye mbale imodzi.

Mundikhululukire mawu aja a kufukula agogo. Ndinkayesa mwatithawa, osadziwa kuti mwasenza nokha.

Amayi ndawauza. Ndinaima pafupi kuti ndiwagwire akakomoka. Iwo anapitiriza kusita malaya a bambo, n'kuti, “Nanga mumandiyesa chitsiru? Bambo anu nkhondo anakaimenyera kuti, kubafa?” Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati, “Ndikananena chiyani, dzina lake ndinkalidziwa? Mantha amafuna msomali wokolekapo. Apongozi anga anandisiyira msomali wa nkhondo, ine ndinakolekapo.” Kenako anandigwira manja onse awiri, n'kumawatembenuza uku ndi uku ngati akusankha nsalu pamsika. Atatero anapitiriza kusita.

Ndibwera sabata yamawa ndi basi yam'mawa. Mwana tamuuza kuti ndikukagula zipangizo za mashini. Ndikuopa, achemwali. Telala wopanda manja ndi ndani? Koma chimene ndikuopa kwambiri ndi kudzamuona mwana atavala zoyera za unamwino, ine ndikudziwa kuti ndinamupatsa chinthu chimene chidzamugwetsere jakisoni pansi. Mukandigwire mkono pakhomo la chipatala, ndingathawe.

Ine mlongo wanu.

28 Julayi

Achemwali!

Moni, moni, moni. Ndabwerako kuchipatala chathu kuno, kumene anatumiza zotsatira zanga. Dokotala wa magalasi uja anati, “Bambo, matendawa akulumphani.” Ndinati abwereze. Ndinafunsa za mwana, anati chimene mulibe simungapatse munthu. Ndinatuluka n'kukhala pakhonde, kulira ngati mwana wosochera pamsika, mpaka mlonda anadzandifunsa kuti wamwalira ndani.

Pomwa tiyi alamu anu anatenga ketulo n'kuthira kapu ya mwana mpaka pakamwa. Mwanayo anati, “Amama, mwatani kodi? Ndinyamula bwanji?” Anatayira patebulo, ife kuseka, iye osadziwa chimene tikuseka. Amayi anayesa kudzaza yawo, dzanja linaima lokha pakati. Akuti azolowera pang'onopang'ono.

Nanga zanu? Tinapereka magazi tsiku limodzi, ndipo inu muli pafupi ndi chipatala chachikulu, zanu zinayenera kutuluka kale. Ndaimba kulaibulale, mnzanu wapakauntala akuti munatenga tchuthi. Kapena mwapita kwa azakhali kukawauza uthenga wabwino? Amayi akufunsa m'mawa uliwonse. Achemwali, musachite zimene ndinachita ine zongokhala duu. Lembani.

Ine mlongo wanu.

9 Ogasiti

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe, alamu, amayi ndi namwino wathu wam'tsogolo. Kalata yako ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Chimwalirire bambo sindinasekepo ngati mmene ndasekera za mlonda uja.

Zanga zinatuluka zako zisanatuluke. Ndinadikira dala, ndinkafuna chimwemwe chako chikufike chokha, chosasakaniza ndi kanthu. Ine sanandilumphe.

Usathamangire basi. Sindinadzidzimuke kwenikweni. Ukukumbuka ndinakulembera kuti tsiku la foni lija mabuku anagwa? Anagwa mnzanga asanakuwe, ndipo sikanali koyamba. Ndinkati ndi kutopa, ndinkati mabukuwo ndi olemera. Nanenso ndinali ndi msomali wanga.

Tchuthi ndinakakhaladi kwa azakhali. Ndawafotokozera zonse, ndipo ana a achimwene awo aja akuganiza zokapimitsa. Masana ndinkawawerengera odwala aja buku limene bambo ankalikonda. Amaseka malo omwe aja bambo ankaseka. Ndinkaopa kuti ndikawayang'ana ndiziona tsogolo langa lokha. Ndimaliona, sindinama. Koma ndimaonanso azakhali akuwapesa tsitsi, akuwakalipira kuti asiye kuba shuga. Chibale ndi fupa, sichiwola.

Dokotala akuti zaka zogwira ntchito zikadalipo, kaya ndi zingati. Kuntchito anditsitsa pamakwerero, tsopano ndili pakauntala. Mtundu wa agogo ndaulemba wonse papepala lalikulu, kuyambira pa mayi uja ankavina popanda ng'oma. Ndibwera nalo mwezi wamawa kuti mwana adzaliwerenge, tidzamuuze zonse tili pamodzi. Amayi ndidzawauza ndekha. Koma akakufunsa maso ndi maso, usawanamize.

Ndibweranso ndi malaya anga awiri. Mabatani sanayambe kundivuta, koma zipi zija unkaikira bambo unkaziika bwino.

Pano zatsala motere. Bambo kulibe. Nkhondo ilibe mlandu ndi ife. Kwa iwe ndi mwana chinthuchi chathera pomwepo. Ine ndili nacho, ndipo dzanja langa likadalemba. Uwauze alamu azidzaza makapu onse. Yanga yokha azilekeza pakati.